Petulo wosakaniza ndi ethanol: injini ikaonongeka, alipire ndani?

Pa 1 Seputembala 2025, bwalo lalikulu kwambiri la milandu m'dziko la India linataya dandaulo limene loya wina anapereka poimira eni magalimoto, lopempha kuti malo omwetsera mafuta azigulitsanso petulo wopanda ethanol pambali pa petulo watsopano wochedwa E20. Dandaulolo linapemphanso kuti pa pampu iliyonse pazilembedwa poyera kuculuka kwa ethanol amene ali m'mafutawo. Loya wamkulu wa boma anauza bwalolo kuti ndondomekoyi inaganiziridwa bwino ndiponso kuti ikupindulitsa alimi a nzimbe, ndipo oweruza anatseka nkhaniyo tsiku lomwelo.

Mlandu wa m'khoti unathera pomwepo, koma funso limene linavutitsa anthu silinayankhidwe. Munthu wagula galimoto yopangidwira petulo wa mtundu wina, boma lasintha petuloyo, kenaka pampu ya mafuta yaleka kugwira nchito kapena paipi yayamba kudontha. Kodi ndalama zokonzera zicoke m'thumba la ndani? Wogulitsa galimoto amaloza buku la malangizo, kampani yogulitsa mafuta imaloza lamulo la boma, ndipo mwini galimoto amatsala ali ciimire pa galaja.

Ethanol ndi mowa weni-weni, womwe uja umaledzeretsa m'kacasu, kungoti amaucheza ndi kuuyenga kufikira madzi onse atacoka. Amapangidwa kucokera ku nzimbe, maka-maka ku manyuci akuda otsala popanga shuga, komanso ku cimanga, cinangwa ndi mpunga. Cilembo ca E ndi nambala yotsatira zimaonetsa mlingo wake m'mafuta. E10 ndiye kuti pa malita 100 alionse, malita 10 ndi ethanol, ndipo E20 ndiye kuti malita 20.

Cifukwa cimene maboma amakondera mafutawa sicovuta kucimva. Dziko la India limagula kunja mafuta osayenga opitirira 85 peresenti ya amene limagwiritsa nchito, motero lita iliyonse yocokera m'munda wa nzimbe ndi ndalama zakunja zimene zapulumuka. Poyamba dzikolo linafuna kufika pa E20 m'caka ca 2030, koma mu 2021 linafupikitsa nthawiyo. Linafika pa 10 peresenti mu Juni 2022. Mu Febuluwale 2023 nduna yaikulu, a Narendra Modi, anakhazikitsa kugulitsa kwa E20 mu mzinda wa Bengaluru, ndipo mu Julayi 2025 nduna yoona za mafuta, a Hardeep Singh Puri, analengeza kuti colinga ca 20 peresenti cakwaniritsidwa kutatsala zaka zisanu.

Vuto linagona pa liwiro limeneli. Magalimoto okhala ndi zipangizo zopirira E20 anayamba kupangidwa mwa lamulo ku India mu Epulo 2023. Ambiri mwa amene anagulidwa m'zaka za kumbuyo kwake anapangidwira E10 kapena mlingo wocepera pamenepo, ndipo mabuku ao a malangizo amanena zimenezo. Pofika mu Ogasiti 2025, eni magalimotowa anapeza kuti pafupi-fupi paliponse pamene aima, pampu ikutulutsa E20 yekha-yekha.

Cinthu coyamba cimene woyendetsa amazindikira ndi cakuti thanki ikutha msanga. Apa palibe cotsutsana, pakuti lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yocepa ndi pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu poiyerekeza ndi lita ya petulo. Anthu amangosiyana pa kukula kwa kusinthako. Lipoti la kabungwe ka boma ka NITI Aayog la mu 2021 linati magalimoto akale a mawilo anai angataye 6 kapena 7 peresenti ya mtunda umene amayenda pa lita, pomwe njinga zamoto zingataye 3 kapena 4 peresenti. Kabungwe ka makampani opanga magalimoto ka SIAM kanati kusinthako ndi kwa pakati pa 2 ndi 4 peresenti. Kunena mwa citsanzo, galimoto imene inkayenda makilomita 500 pa thanki imodzi, ikataya 6 peresenti iziyenda makilomita 470. Kwa munthu wa teksi, makilomita 30 amenewo ndi ulendo wathunthu wa ndalama, ndipo cimene cinakwiyitsa ambiri ku India ndi cakuti mtengo wa pa pampu sunatsike.

Koma kutha msanga kwa mafuta si kuonongeka kwa injini. Zoononga zeni-zeni zimabwera mwakacetecete, ndipo yoyamba ndi madzi. Petulo ndi madzi sizisakanikirana, koma ethanol amakoka cinyezi ca mumpweya. Galimoto imene imayenda tsiku ndi tsiku imatentha cinyezico pamodzi ndi mafuta popanda vuto. Imene yaimikidwa kwa miyezi ndi thanki yosadzaza, maka-maka m'nyengo ya mvula, imasonkhanitsa madzi pang'ono-pang'ono. Madziwo akapitirira mlingo, ethanol amalekana ndi petulo, n'kugwirizana ndi madzi, n'kukakhala pansi pa thanki. Pansi pomwepo ndi pamene pampu imayamwa. Zotsatira zake ndi injini yokana kulira, dzimbiri m'thanki yacitsulo ndi pampu yoonongeka. Majenereta, mainjini opopera madzi ndi mainjini a maboti, amene amakhala nthawi yaitali osalizidwa, ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi kuposa magalimoto.

Yaciwiri ndi zipangizo zimene mafuta amadutsamo. Mphira wa mapaipi ndi wa zotsekera za m'magalimoto akale amafufuma kapena kuuma ndi kung'aluka akakhalitsa mu ethanol woculuka, ndipo zitsulo zina zofewa, monga aluminiyamu wosakutidwa ndi zinki za m'kabureta, zimadyeka. Unduna woona za mafuta ku India unavomereza mfundoyi mu Ogasiti 2025, pamene unati magalimoto ena akale angafunike kusinthidwa zipangizo za mphira atayenda makilomita 20,000 kapena 30,000. Undunawo unati nchitoyo ndi yochipa ndipo ingacitike pa nthawi ya sevisi. Sunanene kuti ndalama yochipayo alipire ndani.

Ethanol amatsukanso. Litsiro limene lakhala litamatirira m'thanki kwa zaka khumi limasungunuka n'kupita kukatseka sefa ya mafuta kapena timabowo topopera mafuta mu injini. Mwini galimoto amati mafuta atsopano aononga galimoto yake, makanika amati thanki inali yakuda kale, ndipo onse awiri akunena zoona. Pomaliza pali nkhani ya mpweya. Ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake, motero injini imafuna mafuta oculukirapo kuti iyake bwino. Galimoto yamakono ili ndi kompyuta imene imayeza utsi ndi kuonjezera mafuta yokha. Ya kabureta singathe kutero, ndiye imatentha kwambiri, imajejema ponyamuka ndi kuvuta kuliza m'mawa kukazizira.

Zonsezi sizitanthauza kuti ethanol ndi mdani wa injini iliyonse. Mlingo wake wa octane ndi wokwera kuposa wa petulo, ndipo injini yopangidwira mafutawa imayenda nawo bwino lomwe. Dziko la Brazil linayamba ndondomeko yake ya ethanol mu 1975, linafika pa 27 peresenti mu 2015 ndi pa 30 peresenti mu Ogasiti 2025, ndipo magalimoto ake akuyendabe, cifukwa opanga anapatsidwa zaka zambiri zokonzekera. Ndi zoonanso kuti zambiri zimene anthu amanamizira ethanol zimayamba ndi ukalamba wa galimoto, sevisi yodumphidwa, kapena madzi olowa m'mathanki a pansi pa nthaka pa malo omwetsera mafuta. Kuvuta kosiyanitsa zifukwa zimenezi ndi kumene kumabala mikangano ya warranty.

Warranty ndi pangano la wopanga galimoto lakuti, kwa zaka kapena makilomita ochulidwa, adzakonza mwaulere ciliconse cimene caonongeka kamba ka kulakwika kwa ku fakitale. Silinena za zinthu zoonongeka kamba ka kagwiritsidwe nchito kolakwika, ndipo pafupi-fupi m'pangano lililonse muli mzere wonena kuti kuthira mafuta osiyana ndi ochulidwa m'buku la malangizo ndi kulakwa kwa mwini galimoto. Mzere umenewu unalembedwa poganizira munthu wothira dizilo m'galimoto ya petulo, kapena wogula mafuta a m'zigubu m'mbali mwa mseu. Olemba sanaganizire za tsiku limene mafuta oletsedwa m'bukumo adzakhala okhawo opezeka m'dziko lonse.

Cina cimene ogula ambiri sadziwa ndi cakuti wogulitsa galimoto, amene ambiri amamucha dila, si ndiye mwini wa panganolo. Iye amakonza galimoto kenaka n'kutumiza mapepala ku kampani yopanga kuti imubwezere ndalama. Kampaniyo ikakana, dila amaluza. N'cifukwa cake akangoona dzimbiri kapena mphira wofufuma m'njira ya mafuta, amathamangira kutapa mafuta a m'thanki kuti awayeze. Kuyeza kwake n'kosavuta. Amathira madzi pang'ono ndi petulo m'kabotolo kokhala ndi mizere, n'kukhutcumula, ndipo kukwera kwa madziwo kumaonetsa mlingo wa ethanol. Komabe kupeza ethanol m'thanki ndi nkhani ina, ndipo kutsimikiza kuti ndiye waononga pampu ndi nkhani inanso. Umboni wa mtundu waciwiriwu umafuna akatswiri ndi ndalama zimene mwini galimoto wamba alibe, motero kawiri-kawiri amangolipira yekha n'kumapita.

Dziko la America linadutsa m'njira imeneyi zaka zoposa khumi India asanafikemo. Mu Okutobala 2010 ndi mu Januwale 2011, kabungwe ka boma koteteza cilengedwe ka EPA kanalola kuti petulo wa E15 azithiridwa m'magalimoto ang'ono-ang'ono opangidwa kuyambira mu 2001. Makampani opanga magalimoto sanagwirizane nazo. Mu Novembala 2012, bungwe la eni magalimoto la AAA linapempha kuti kugulitsa kwa E15 kuyambe kwaima, ponena kuti mwa magalimoto oposa 240 miliyoni amene anali pa miseu, okwana 12 miliyoni okha ndiwo anali ovomerezedwa ndi opanga ake kumwa mafutawa. Bungwelo linati makampani asanu, a BMW, Chrysler, Nissan, Toyota ndi Volkswagen, ananena poyera kuti warranty yao sidzalipira zoonongeka zobwera ndi E15, ndipo ena asanu ndi atatu, kuphatikizapo Ford, Honda ndi General Motors, anati kuthira E15 m'galimoto yosavomerezedwa kungafafanize panganolo. Apa boma linati inde, wopanga anati iai, koma woyendetsa wa ku America anali ndi pothawira cifukwa E10 anapitiriza kugulitsidwa paliponse. M'zaka zotsatira makampani ambiri anayamba kuvomereza E15 m'magalimoto ao atsopano, ndipo mkanganowo unazirala.

Ku India pothawira panalibe, kotero boma ndi makampani anakakamizika kulankhula. Kumapeto kwa Ogasiti 2025, kabungwe ka SIAM kanalengeza kuti makampani adzalemekeza warranty ya magalimoto ngakhale atamwa E20, ndipo boma linati inshuwalansi nayo siikhudzidwa. Lonjezoli linamveka lokoma pa wailesi, koma poliyang'anitsitsa linali locepa. Kampani ya Maruti Suzuki, imene imagulitsa magalimoto ambiri kuposa ina iliyonse m'dzikolo, inkapereka warranty ya zaka ziwiri kapena makilomita 40,000 kufikira mu Julayi 2024, pamene inaionjezera kufika zaka zitatu. Ndiye kuti munthu amene anagula galimoto mu Malichi 2023, mwezi womaliza magalimoto opirira E20 asanakhale lamulo, pangano lake linali litatha kale pofika mu Malichi 2025, pokhapokha ngati analipira ndalama zina zolitalikitsa. Magalimoto amene anali pa ciopsezo ceni-ceni ndi omwewo amene lonjezolo silinawafikire.

Maiko a ku Ulaya anasankha njira ina, ngakhale kuti naonso anaphunzira mowawa. Pamene dziko la Germany linabweretsa E10 kumayambiriro kwa 2011, oyendetsa ambiri anawakana kamba kosadziwa ngati magalimoto ao angawapirire, mpaka boma linaitanitsa msonkhano wapadera mu Malichi caka comweco. Dziko la Britain, pokhazikitsa E10 mu Seputembala 2021, linayamba lauza anthu kuti magalimoto onse a petulo opangidwa kuyambira mu 2011 alibe vuto, linaika pa intaneti mndandanda woti munthu aonepo galimoto yake, ndipo linasiya E5 pa msika ngakhale kuti ndi wokwera mtengo. M'maiko onse awiriwa, mwini galimoto yakale amalipira zoculukirapo pa pampu koma sakakamizidwa kuphwanya malangizo a buku lake.

Nkhaniyi siili kutali ndi dziko lino la Zambia. Dziko la Malawi lakhala likusakaniza ethanol m'petulo kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo fakitale yaciwiri, ya PressCane, inayamba nchito m'boma la Chikwawa mu 2004. Ku Zimbabwe, fakitale ya ku Triangle inayamba mu 1980, kusakaniza kunaima ndi cilala ca mu 1992, ndipo kunabwerera mwa lamulo mu 2013 kampani ya Green Fuel itamanga fakitale ku Chisumbanje. M'caka cimeneco mlingo unakwera kucoka pa 5 kufika pa 15 peresenti m'miyezi yocepa cabe, zimene zinadzetsa madandaulo ofanana ndi a ku India. Kucokera nthawi imeneyo mlingowo wakhala ukukwera ndi kutsika malinga ndi nyengo yodula nzimbe. Motero woyendetsa wa ku Chipata amene waoloka pa Mwami kupita ku Lilongwe, kapena wa ku Lusaka amene wadutsa pa Chirundu kulowera ku Harare, akamwetsa galimoto yake kumeneko amabwerera ndi ethanol m'thanki, kaya akudziwa kapena iai. Boma la Zambia nalo linalengeza mu 2011 milingo yosakanizira, yosapitirira 10 peresenti ya ethanol m'petulo ndi 5 peresenti ya mafuta a zomera m'dizilo.

Cimene cimasiyanitsa Zambia ndi maiko amene achulidwa poyamba aja ndi mtundu wa magalimoto a pa miseu yake. Ambiri ndi ogwiritsidwapo kale nchito ocokera ku Japan, dziko limene mu 2003 linaika malire a 3 peresenti ya ethanol m'petulo wamba, ndipo linadzalola E10 mu 2012 kwa magalimoto opangidwira mafutawo okha. Izi sizitanthauza kuti galimoto iliyonse yocokera ku Japan ingaonongeke ndi E10, pakuti makampani omwewo amapanga mainjini ofanana ogulitsa ku maiko osakaniza. Koma alipo mainjini ofunika kusamala nawo. Ku Ulaya, kampani ya Toyota inavomereza E10 m'magalimoto ake a petulo opangidwa kuyambira mu 1998, kupatulako Avensis yokhala ndi injini ya 1AZ-FSE kapena 2AZ-FSE yopangidwa kufikira mu 2008. Injini ya 1AZ-FSE, imene amakanika amaidziwa ndi dzina lakuti D-4, ndi yomwenso ili mu Toyota Noah ndi Voxy za pakati pa 2001 ndi 2007, zimene zikunyamula mabanja ndi katundu m'matauni ambiri a dziko lino. Mainjini oyambirira a GDI a kampani ya Mitsubishi naonso anaikidwa pa mndandanda wa osavomerezedwa. Onsewa ndi mainjini opopera mafuta mwacindunji m'cipinda coyakira, ndipo mapampu ao amagwira nchito pa mphamvu yaikulu kwambiri.

Wogula galimoto yotere nthawi zambiri alibe warranty ya wopanga ngakhale ya tsiku limodzi, ndipo buku la malangizo, ngati lilipo n'komwe, linalembedwa m'cinenero ca ku Japan. Kwa iye mkangano wa ku India ndi ku America sungayambe n'komwe, cifukwa palibe woti akangane naye. Cimene angacite ndi kufunsa nambala ya injini yake, kuyang'ana cikwangwani ca m'kati mwa citseko ca thanki kumene opanga ena amalemba mlingo wololedwa, kusintha sefa ya mafuta pa nthawi yake, ndi kupewa kuimika galimoto kwa miyezi ndi thanki yosadzaza ya petulo wosakaniza.

Amene wagula galimoto yatsopano kwa dila wovomerezeka ali ndi poimira. Asanasaine, ayenera kupempha kuti mlingo wa ethanol wololedwa ulembedwe pa pepala, maka-maka ngati amayenda maulendo a ku Malawi ndi ku Zimbabwe, cifukwa mau a pakamwa a wogulitsa sakhala umboni. Malisiti a mafuta ndi a sevisi asungidwe. Galimoto ikaonongeka ndipo dila akatapa mafuta kuti awayeze, mwini wake atapeko ake m'botolo loyera lotsekeka bwino, pamaso pa dilayo, ndi kulembapo tsiku. Madandaulo okhudza ubwino wa mafuta amapita ku bungwe la Energy Regulation Board, pomwe okhudza katundu wolakwika ndi mapangano osakwaniritsidwa amapita ku Competition and Consumer Protection Commission, imene imagwira nchito potsatira lamulo nambala 24 la mu 2010. Popita kumeneko munthu amafunika kunyamula umboni, motero dila akakana kukonza, mwini galimoto asacoke pa galajapo asanalandire kalata yofotokoza cipangizo cimene caonongeka, zotsatira za kuyeza kwa mafuta, ndi mzere wa m'pangano umene dilayo wakanira.